Sindikudwala, koma ndimamwa mankhwala tsiku lililonse

Pali matenda amene amakhala nawe zaka zoposa 20 osakugonekapo ngakhale tsiku limodzi. Umadya nsima bwinobwino, umapalasa njinga, umamenya mpira, anthu n'kumati thupi likukuyanja. Hepatitis B, amene ena amati matenda otupa chiwindi a mtundu wa B, ndi otero. Chikomekome cha nkuyu, mkati muli nyerere. Ine ndili nawo. Ndimakhala pa Zalewa, ndinabadwa mu 1995, ndipo tsiku lililonse ikakwana 8 koloko usiku ndimamwa piritsi limodzi la tenofovir.

Ndinadziwa nditapereka magazi ku Blantyre. A Malawi Blood Transfusion Service amayeza magazi onse operekedwa ngati ali ndi HIV, chindoko, hepatitis B kapena hepatitis C, ndiye anga anakanidwa. Patapita miyezi 6 ndinayezetsanso, kachilomboko kanali komweko. Kakapitirira miyezi 6 m'magazi, ndiye kuti ndi matenda okhalitsa. Adokotala anandifotokozera kuti ambiri a ife kuno ku Africa tinatenga pobadwa kapena tili ana aang'ono kwambiri. Mwa makanda 10 otenga kachilomboka, pafupifupi 9 amakhala nako moyo wonse, pomwe mwa akuluakulu otenga, oposa 95 pa 100 aliwonse thupi lawo limakachotsa lokha. Katemera wake anayamba kuperekedwa kwa ana m'Malawi muno mu 2002, pa masabata 6, 10 ndi 14. Ife a m'ma 90 anatiphonya.

Nditamva zimenezi ndinakumbukira malume anga. Anamwalira mimba ili yotupa ngati ng'oma, maso ali achikasu, kumudzi n'kumati awalodza chifukwa cha munda. Palibe anawayeza chiwindi. Bungwe la World Health Organization linati mu 2022 anthu 254 miliyoni padziko lonse anali ndi hepatitis B wokhalitsa, ndipo anthu pafupifupi 1.1 miliyoni anafa nawo chaka chomwecho, ambiri chifukwa cha kuuma kwa chiwindi ndi khansa ya chiwindi. Mwa odwalawo, 13 okha pa 100 aliwonse ndiwo ankadziwa kuti ali nawo.

Sikuti aliyense wopezeka ndi kachilomboka amayamba mankhwala pompo. Ine anayamba andiyeza kaye zinthu zingapo. Anaona ALT, imene imakwera chiwindi chikamavulala. Anawerengera APRI, imene imasonyeza ngati chiwindi chayamba zipsera. Anandiunika pamimba ndi makina, anayeza impso, anayezanso HIV. Za HIV ndi zofunika kwambiri, chifukwa tenofovir amagwiranso kachilombo ka HIV. Munthu amene ali ndi HIV osadziwa, akamamwa tenofovir wopanda anzake okwanira, kachilombo ka HIV kamazolowera mankhwalawo n'kusiya kuwamvera. Zotsatira zanga zitasonyeza kuti chiwindi chikuvulala, adokotala anandiyang'ana n'kunena kuti, "Achimwene, tisanayambe ndikuuzeni chimodzi. Mankhwala awa mukayamba simusiya nokha. Kaya mwapeza bwino, kaya wina wakuuzani zotani, mubwere kaye kuno."

Chifukwa chake n'chakuti tenofovir saachotseratu kachilomboka. Amakaletsa kuswana, chiwindi n'kupeza mpata wopuma ndi kudzikonza. Koma kachilomboka kamasiya mbewu yake mkati mwa maselo a chiwindi, mmene amachitira kapinga: ungasengule pamwamba pakuoneka poyera, mizu ili pansi phee. Ukasiya mankhwala kamayambanso kuswana mwamphamvu, chitetezo cha thupi n'kulimbana nako mkati mwa chiwindi momwemo. Nkhondo imeneyo ndiyo imatupitsa chiwindi mwadzidzidzi, nthawi zina patapita masabata kapena miyezi chisiyireni. Kwa munthu amene chiwindi chake chili kale ndi zipsera, zimenezi zimatha kupha. Choncho tsiku limene ndikumva bwino kwambiri ndimangodziwa kuti piritsi likugwira ntchito, ndipo usiku wake ndimamwanso.

Chovuta kwambiri si kumeza piritsi ayi, ndi pakamwa pa anthu. Pa Zalewa m'pamphambano. Msewu wa M1 wochokera ku Blantyre umakumana ndi wopita ku Mwanza, aliyense amadziwa wakwera minibasi iti ndipo watsika ndi jumbo yanji. Tenofovir ndi mmodzi mwa mankhwala atatu a mu TLD, ma ARV amene anthu ambiri akhala akumwa m'dziko muno kuyambira 2019. Enawo ndi lamivudine ndi dolutegravir. Odwala chiwindi ena amalandira tenofovir wosakaniza ndi lamivudine, botolo lake lofanana ndi la ma ARV. Alamu anga ataliona pashelefu anandikokera pambali.

"Alamu, bwanji osatiuza kuti munayamba mankhwala aja?"

"Ndi a chiwindi awa, alamu."

"Aaa, ife timawadziwa mabotolo amenewa."

Ndinawayankha kuti ngakhale akanakhala a HIV, nanga chochititsa manyazi n'chiyani? Munthu womwa mankhwala ake ndi amene akudzisamala. Kuno ku Neno tinaziona kale zimenezi. Abwenzi Pa Za Umoyo, amene kunja amawatcha Partners In Health, akhala akugwira ntchito ndi Unduna wa Zaumoyo m'boma lino kuyambira 2007, ndipo mu 2015 anayambitsa kiliniki ya IC3, komwe wa HIV, wa BP, wa shuga, wa mphumu ndi wa khunyu amakhala pa benchi imodzi tsiku limodzi. Woyang'ana sangaloze kuti uyu wabwerera chiyani. Ndimalakalaka m'makomo mwathu mukanakhalanso choncho, chifukwa manyazi ndi amene amachititsa munthu kubisa botolo kudenga mpaka kuliiwala.

Kwa anzanga amene muli ndi HIV pamodzi ndi hepatitis B, TLD wanuyo akugwira ntchito ziwiri nthawi imodzi. Mukadukiza, chiwindi nachonso chili pangozi. Akafuna kukusinthirani mankhwala, akumbutseni achipatala kuti muli ndi hepatitis B. Chimodzimodzi amene mukumwa mapiritsi a PrEP, chifukwa namonso muli tenofovir: dziwani za chiwindi chanu musanayambe komanso musanasiye. Ndipo zobwerekana mapiritsi, zoti "anga atha, tandigawireko ako poti akufanana," zimenezo ayi.

Mayi anga anabwera ndi njira yawo. Anamva za munthu wina amene amagulitsa mabotolo a zitsamba zoti zimatsuka chiwindi m'masabata awiri, bola usiye kaye za kuchipatala kuti zisalimbane. Pa Facebook ndi pa WhatsApp zotere zadzaza, ena amalalikira m'mabasi momwe. "Mwanawe, ukhalira mapiritsi mpaka liti?" anatero. Ndinawamvetsa, ndi mayi. Ndinawauza kuti, "Amayi, chilichonse chimene ndameza chimadutsa m'chiwindi. Za m'botolozo palibe akudziwa kuti muli chiyani, n'zochuluka bwanji. Chiwindi chovulala kale sichoyeserapo." Pa ulendo wotsatira ndinawatenga kuti akamve okha kwa adokotala. Lero ndi iwo amene amandiimbira foni kufunsa ngati ndamwa. Kupemphera timapemphera limodzi, piritsi n'kumwa ndithu.

Tenofovir amachoka m'thupi kudzera mu impso, ndipo kwa anthu ena pakapita zaka amafooketsa impso ndi mafupa. N'chifukwa chake amandiyeza creatinine nthawi ndi nthawi, ndipo tsiku loyeza sindijomba ngakhale bizinesi ikuyenda. Amene munafikako pa Zalewa mu Okutobala mukudziwa mmene dzuwa limawambira m'mphepete mwa Shire muno. Munthu umatuluka thukuta tsiku lonse, impso n'kumagwira ntchito ndi madzi ochepa. Ndimayenda ndi botolo la madzi. Ndikatsegula m'mimba kapena kusanza kwambiri ndimapita kuchipatala msanga. Mankhwala opha ululu monga brufen, indocid ndi diclofenac, aja timangogula pa okala msana ukawawa, amalemetsa impso, ndiye ndinawasiya. Panado ndimamwa mlingo umene anandiuza, osapitirira, poti akachuluka amawononga chiwindi. Kulikonse kumene ndapita kukalandira chithandizo, kaya ndi malungo kaya ndi dzino, ndimatulutsa kabuku kanga ka kuchipatala kuti aone zimene ndikumwa. Amene impso zawo n'zofooka ena amapatsidwa entecavir. Ameneyo malamulo ake ndi ena: amamwa m'mimba muli mopanda kanthu, patapita maola awiri chidyereni, n'kudikiranso maola awiri asanadye.

Kutentha komweko kumawononga mapiritsi. Botolo silikhala pawindo, pafupi ndi mbaula kapena m'galimoto yoima padzuwa. Langa limakhala m'kabati, lotseka bwino, ndipo kapaketi kaja koyamwa chinyezi sindikataya. Alamu ya pafoni ndiyo imandikumbutsa nthawi. Lamulo limene anandipatsa ndi lakuti piritsi likaiwalika umwe pamene wakumbukira, koma ngati nthawi ya lina yayandikira ungomwa limodzi lokhalo, osaphatikiza awiri. Kokatenga ena ndimapita akadalipo a sabata kapena awiri, makamaka nthawi ya dzinja pamene misewu ya ku Neno imavuta. Anzanga opita ku Joni kudzera pa Mwanza ndimawauza kuti asananyamuke akakambirane ndi achipatala za mankhwala okwanira ulendo, atengenso kabuku kawo.

Mowa ndinausiya. Kunena zoona, anzanga ena anachepa, chifukwa pa Zalewa madzulo macheza ambiri ali pa botolo. Koma mowa ndi kachilomboka zikakumana, chiwindi chimauma msanga. Chinanso chimene ambiri sitichiganizira ndi chuku. Mtedza ndi chimanga zosauma bwino zimamera chuku chimene chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, ndipo kwa munthu wa hepatitis B poizoni ameneyu amachulukitsa kwambiri ngozi ya khansa ya chiwindi. Kwathu mtedza wofota, wakuda kapena wowawa timataya, sitisinjira nsinjiro. Chimanga chovunda sichipita kuchigayo.

Nkhani inandivuta kuyamba inali ya kunyumba. Mkazi wanga nditamuuza anakhala chete kanthawi, kenako anafunsa kuti, "Nanga ine ndi mwanayu?" Onse anakayezetsa. Mwana anali atalandira katemera kusikelo, ndipo alibe. Mkazi wanga nayenso analibe, choncho analandira katemera, jakisoni katatu m'miyezi 6, ife n'kumagwiritsa ntchito makondomu mpaka atamaliza. Azibale anga a bere limodzi ndinawauzanso, poti matendawa amayenda m'banja. Mchemwali wanga anapezeka nako ali woyembekezera, ndipo zinathandiza kuti achipatala adziwe msanga. World Health Organization imalangiza kuti khanda lilandire katemera wa hepatitis B pasanathe maola 24 chibadwireni, komanso kuti mayi amene ali ndi kachilombo kochuluka amwe tenofovir ali ndi pakati kuti ateteze mwana. Kuyamwitsa n'kololedwa. Kachilomboka sikayenda m'mbale ya nsima, m'kapu, m'moni wa pamanja kapena mwa udzudzu. Kamayenda m'magazi ndi pogonana, ndiye lumo, mswachi, singano, zoboolera makutu ndi lezala lotemera mphini, aliyense zake.

Pali zizindikiro zimene banja langa lonse likuzidziwa, kuti ngati ine sindingathe kudzithandiza iwo asachedwe: maso kusanduka achikasu, mkodzo woderako ngati tiyi wopanda mkaka, mimba kapena miyendo kutupa, kusanza magazi, chimbudzi chakuda bii, kugona kosadzuka kapena kuyankhula zosokonekera. Zimenezi sizidikira kuti kuche bwino kapena kuti ndalama ya malipiro ifike. Ndi tsiku lomwelo, kaya pa chipatala cha Zalewa, kaya ku Lisungwi, iwo akaona kuti n'zazikulu atumiza ku Queens.

Pa 28 Julaye chaka chilichonse dziko lonse limakumbukira matenda a hepatitis. Ndi tsiku lobadwa la Baruch Blumberg, amene anatulukira kachilomboka m'zaka za m'ma 1960. Koma inu musadikire Julaye. Ngati munabadwa 2002 isanafike, kapena kwanu wina anamwalira ndi mimba yotupa ndi maso achikasu, kafunseni kuchipatala kumene mungayezetse hepatitis B. Mukapezeka mulibe, funsani za katemera. Mukapezeka muli nako, funsani ngati mukufunika mankhwala panopa kapena kungoyezedwa pafupipafupi, ndipo popita kachiwiri mutengane ndi m'bale wanu.