Madontho a pansi pa giyabokosi

Inu anzanga amene mumadalira tigalimoto takale ponyamula katundu, tamverani kuno. Ine ndimayendetsa Nissan 1400, ija anasiya kupanga ku South Africa mu 2008. Imatuta mabelo a fodya kuchokera m'midzi ya ku Santhe kupita kumsika wa Chinkhoma, ndipo ndi imene imadyetsa ana kwanga.

Injini ikasowa oilo, nyali imayaka. Giyabokosi ilibe nyali, ilibenso kachitsulo kopimira. Imangouma mwakachetechete, ndipo mukadzaimva ikulira pa M1, dziwani kuti ndalama za fodya wa chaka chonse zapita.

Yanga itayamba kudontha, makaniko wina anati, "Bwana, titsitse yonse." Ndinakana. Ndinaitsuka ndi palafini, n'kuwaza ufa wa mgaiwa, n'kuyenda pang'ono. Ufa unanyowa kumbuyo kokha, polowera shafiti. Silo ya labala inali itauma gwa ngati chikopa. Kanthu kotchipa zedi!

Koma wolakwa weniweni ndi fumbi la kuno ku Kasungu. Pamwamba pa giyabokosi pali kabowo kopumira. Fumbi likatseka pamenepo, oilo akatentha amasowa mpata, ndiye amakankha silo, ngakhale yatsopano. Ambiri amasintha silo, kabowoko osakayang'ana n'komwe.

Pothira, imikani galimoto pamalo athyathyathya. Yambani mwamasula pulagi wa m'mbali musanakhudze wapansi, kuopa kukhuthula zonse kenako pothirira n'kukana kutseguka. Ine ndimathira 80W-90 mpaka atayamba kubwerera pabowopo. Oilo wa m'mabotolo a m'mbali mwa msewu, ayi, ameneyo sindigula.