Kalata yochokera ku Chanthaburi, kumene miyala ya kwathu imathera

Okondedwa Amalume,

Munandifunsa kuti kupatula ntchito ndimaonako chiyani m'dziko la eni. Pafoni sindikanatha kufotokoza, choncho ndati ndilembe, ndipo ndalola kuti enanso a kwathu awerenge nawo.

Chanthaburi ndi chigawo cha kum'mawa kwa Thailand, chochita malire ndi Cambodia, ndipo kummwera kwake kuli nyanja yamchere. Kuchokera ku Bangkok ndi makilomita pafupifupi 250, ulendo wa maola anayi pabasi. Chinandibweretsa kuno ndi miyala. Rubi amene anapezeka ku M'sawize m'Niassa mwathu ku Mozambique mu 2008, ndi wa ku Montepuez mu 2009, wambiri amathera m'tauni ino. Eni ake anali ndi migodi yawo ya miyala yamtengo wapatali. Yambiri inatha, koma luso linatsala: kuwotcha mwala m'ng'anjo kuti mtundu wake utuluke, kuudula ndi kuupukuta. Kuyambira Lachisanu mpaka Lamulungu, mumsewu wa Si Chan ogula amakhala pamatebulo ndi tochi ndi kagalasi kounikira, amkhalapakati n'kumayendayenda ndi timapepala ta miyala. Ine ndimamasulira Chipwitikizi ndi Chingerezi pakati pawo. Mtima umandiwawa ndikaona mwala umene mnyamata wa kwathu anautulutsa m'dzenje ndi thukuta ukukwera mtengo m'manja mwa ena, iye atalandira ya ufa wokha. Koma masiku amene msika watseka ndimayenda, ndipo zimene ndikufuna kukuuzani ndi za maulendo amenewo.

Ndinayambira kutchalitchi, poti ndi kumene munandilera. M'dziko limene pafupifupi aliyense ndi Mbuda muli tchalitchi chachikulu cha Katolika m'mphepete mwa mtsinje wa Chanthaburi, cha dzina la Maria Wosadetsedwa. Anayambitsa mpingowu mu 1711 ndi Akhristu ochokera ku Vietnam amene ankathawa mazunzo kwawo, ndipo nyumba imene ilipo lero inatha kumangidwa mu 1909. Mu 1940, pa nkhondo ya Thailand ndi France, anatsitsa nsonga za nsanja zake kuopa kuti ndege zingamalondolepo, ndipo anazibwezera mu 2009. M'kati muli chifanizo cha Amayi Maria chokutidwa ndi miyala yonyezimira yosawerengeka imene amalonda a m'tauni muno anapereka. Ndikagwada mmenemo ndimakumbukira kuti ife tomwe tinakhalapo othawa kwawo, ndipo tinapemphera pansi pa mitengo m'dziko la Malawi mpaka mtendere wa pa 4 Okutobala 1992 unatibweza kumudzi.

M'akachisi a Abuda ndimalowamo ngati mlendo, ndipo sanandibwezepo pakhomo. Malamulo ake ndi osavuta. Nsapato umavula pakhomo, mapewa ndi mawondo azikhala ophimbika, ndipo ukakhala pansi mapazi asaloze kumene kuli chifanizo cha Buddha. Mayi sakhudza mmonke. M'bandakucha amonke amayenda osavala nsapato, mbale ili m'manja, anthu n'kumawaikira mpunga atagwada. Ine sindipembedza nawo, Amalume, musade nkhawa. Koma ndimalemekeza anthu amene amasesa pabwalo la kachisi tsiku ndi tsiku popanda wowalipira.

Kachisi amene amakoka anthu kwambiri ali pamwamba pa phiri la Khao Khitchakut, mamita opitirira 1,000 kuchokera pamene pali nyanja. Pathanthwe pali chizindikiro chimene amakhulupirira kuti ndi phazi la Buddha, pafupi ndi chimwala chachikulu chokhala ngati chikufuna kugubuduka. Amatsegulako miyezi iwiri yokha pachaka, cha pakati pa Januwale ndi Malichi. Anthu amakwera pa magalimoto apikapu mumsewu wotsetsereka wochititsa mantha, kenako amayenda pansi, ambiri usiku wonse kuti kuwachere ali pamwamba. Kumapeto kwa njira amalemba zopempha zawo pansalu zofiira. Mumaona nkhalamba yoyendera ndodo, mdzukulu atayigwira dzanja. Miyezi khumi yotsalayo phiri amalisiya lipume, nkhalango ibwerere mwakale. Nzeru imeneyi ndinayikonda.

Pali mfumu imene dzina lake simungalephere kulimva kuno, Taksin. Mu 1767 asilikali a ku Burma anawotcha likulu lakale la Ayutthaya, ufumu n'kubalalika. Taksin anatsikira kuno ndi gulu lake. Amati usiku woti alande tauniyi anauza asilikali ake kuti akatha kudya aswe miphika yonse, chakudya cham'mawa akadyere m'kati mwa linga kapena asadyenso. Analandadi, anakhoma zombo kuno, ndipo chaka chisanathe anali atapirikitsa adani aja. Nyumba yomukumbukira ili ndi mbali zisanu ndi zinayi ndi denga looneka ngati chisoti chake. Mwana wa sukulu aliyense amene ndamufunsa amaidziwa nkhani ya miphika ija, ndipo amakulozera kumene zombo anazikhomera.

Malo amene anandigwira mtima kuposa onse ndi aang'ono ndiponso osakongola. Ali ku Laem Sing, pamene mtsinje umathira m'nyanja. Mu 1893 Afalansa analanda Chanthaburi ndipo anakhalamo zaka zoposa khumi. Anamanga kansanja ka njerwa, kotalika mamita 7 okha, kamene lero amakatcha Khuk Khi Kai. Anthu amafotokoza kuti pansi ankatsekeramo amene akukana ulamuliro wawo, pamwamba n'kumawetapo nkhuku, kuti zitosi zizigwera akaidi usana ndi usiku. Eni dziko akanatha kukagumula atsamunda atachoka, kuti manyaziwo aiwalike. Anakasiya, anakalambulira, anaikapo chikwangwani chofotokoza, ndipo aphunzitsi amabwera ndi ana kudzawaonetsa. Nditaima m'katimo ndinakumbukira zimene agogo ankatiuza madzulo, za chibalo, za mbalamatodya, za thonje lolima mokakamizidwa, za abale amene anawolokera ku Nyasaland osabwereranso. Niassa inali m'manja mwa kampani ya Companhia do Niassa mpaka 1929, kenako boma la Apwitikizi linapitiriza. Kodi mwana wa ku Chissaua kapena ku Iataria tingamutengere pati lero n'kumuuza kuti apa ndi pamene agogo ako ankawamenyera? Malowo alipo, ndipo akuluakulu ena akuwadziwabe, koma palibe cholembedwa, ndipo amene akudziwawo akutha.

Ku mathithi a Phlio madzi ndi oyera moti umaona mchenga pansi, ndipo m'maiwe mwadzaza nsomba zazikulu zimene palibe amene amazigwira. Monga mwana wa m'mbali mwa nyanja, manja anandiyabwa, koma lamulo la paki ndi lamulo. Mfumu Chulalongkorn inkakonda malowa ndipo inamangitsapo kachisi wamng'ono mu 1876, amene lero wakutidwa ndi ndere zobiriwira. Mkazi wake, Sunandha, anamira mu 1880 bwato litagubuduka pamtsinje wa Chao Phraya, ndipo chaka chotsatira mfumuyo inamanga pa mathithipa chipilala chosongoka chosungiramo gawo la phulusa la thupi lake. Anthu amasamba m'munsi, ana akukuwa ndi chimwemwe, koma akafika pa chipilalacho amatsitsa mawu.

Za zipatso ndingotchula mwachidule. Mvula yawo imagwa kuyambira Meyi mpaka Okutobala, pamene kwathu kuli chilimwe, ndipo ikamayamba misika imadzaza ndi durian, chipatso chaminga chonunkha kwambiri koma chokoma, ndi china chotchedwa mangosteen.

Kumene ndinaphunzira za asodzi ndi ku Kung Krabaen, gombe limene Mfumu Bhumibol inakhazikitsapo malo ophunzirira mu 1981. Anabwezeretsa nkhalango ya mitengo yomera m'madzi amchere, imene inali ikutha, ndipo anamanga kanjira kamatabwa kuti alendo aziyenda osaponda mizu. Msodzi akagwira nkhanu yamazira amaipereka kuti isungidwe m'chidebe mpaka itaswa, ana ake n'kuwabwezera m'nyanja. Ndinaganiza za maneti a udzudzu amene anthu ena amakokera matemba kwathu, osasiya ndi kamwana komwe.

Tsopano, Amalume, chimene chinandidabwitsa m'malo onsewa n'chakuti azungu ndi ochepa. Odzaza m'mabasi ndi eni dziko: ana a sukulu, magulu a amayi, mabanja athunthu ndi mikeka ndi mapoto awo. Ndalama imene amagulira chakudya ndi kulipira bwato ndi ya m'dziko momwemo. Ife timaganiza kuti malo amakhala oyenera kuonedwa pokhapokha mzungu atabwera ndi kamera. Ine ndemwe ndinakulira pakati pa nyanja ziwiri, Chilwa ndi Chiuta, koma amene ananditenga kukaona Chiuta chifukwa chongofuna kuti ndione panalibe. Tinkapita kukagula nsomba basi.

Chikhalirecho dziko lathu lili ndi zodabwitsa zimene kuno kulibe. Chilwa ndi nyanja yopanda potulukira. Mitsinje imathiramo, madzi amangouma ndi dzuwa, n'chifukwa chake ali ndi kamchere. Ndi yosaya, moti asodzi amayendetsa bwato ndi mponda, ndipo ena amakhala miyezi pamadzi m'zimbowera zomangidwa pa udzu woyandama. Inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inasanduka dothi long'aluka mabwato atakhala pamtunda. Koma mvula ikabwera bwino matemba, makumba ndi milamba zimabwerera kuchokera m'maiwe a m'mitsinje momwe zinabisala. Mbalame zina zimene timaziona m'madambo mwake nthawi ya dzinja zimachokera kutali ku Ulaya. David Livingstone anaiona nyanjayi mu Epulo 1859 n'kuilemba m'mabuku, ndipo ana a kutali amaiwerenga, pamene athu amaidziwa ngati kochokera ndiwo. Mtunda wamchenga ndi umene umailekanitsa ndi Chiuta, ndipo njanji yochokera ku Cuamba, imene inalumikizana ndi ya Malawi mu 1970, imadutsa pamenepo, pa Entre-Lagos kulowa ku Nayuchi. Lero sitima zazitali zamalasha zochokera ku Moatize zimadutsa pomwepo kupita ku Nacala. Madzi a Chiuta ndi abwino kumwa, amapita ku Amaramba, n'kubala mtsinje wa Lugenda umene umadutsa Niassa yense mpaka kukakumana ndi Rovuma. Mphunzitsi wa jogalafe atha kuima ndi ana pa Entre-Lagos n'kuphunzitsa zonsezi akuloza ndi chala, kumanzere nyanja yotsekeka, kumanja chiyambi cha ulendo wa madzi wokathera kunyanja yamchere.

Malo opatulika nawonso tili nawo. Ilipo mishoni ya Mepanhira, imene inaphunzitsa ambiri a msinkhu wanu, ndi ya Massangulo kumpoto, imene ansembe a Consolata anayambitsa mu 1928. Ilipo mizikiti yakale ya abale athu achiyao. Iliponso mitengo ya msolo kumene a mwene ndi akuluakulu amathira ufa wansembe popempha mvula, ndi manda a mafumu. Awa si malo oti aliyense azingolowamo ndi foni m'manja, ndipo sindikufuna kuti asanduke msika. Kuno ndaona kuipa kwake, pamene ogulitsa maluwa ndi zofukiza achuluka mpaka wopemphera kusowa poima. Eni malo ndiwo anene chimene mlendo angaone ndi chimene sangaone. Koma ana athu si alendo, ndipo ayenera kudziwa chifukwa chake mtengo uja sudulidwa.

Ndikudziwa kuti mukuti mwanayu waiwala msewu wa kwathu nthawi yamvula, waiwala kuti chapa, minibasi yathu ija, imatitimira m'matope ndipo anthu akudandaula za mtengo wa fodya ndi chimanga. Sindinaiwale. Mahotela ndi zikwangwani zowala sindikuzipempha. Pempho langa ndi ili. Inu munaphunzitsa zaka zambiri, ndipo mafumu ndi aphunzitsi a kumeneko amakumverani. Mvula ikatha, konzani ndi sukulu imodzi kuti ana a kalasi yomaliza apite ku Entre-Lagos ndi kugombe la Chiuta, pamodzi ndi msodzi mmodzi wachikulire ndi agogo mmodzi amene anaona nyanja ya Chilwa ikuphwa mu 1968. Ana atenge makope alembe zimene akumva, m'Chinyanja, m'Chimakua kapena m'Chiyao, monga mwini wake wayankhulira: maina a madoko, njira zimene anthu anadzera pothawa nkhondo, pamene panali sitolo yogulira thonje. Ndalama ya galimoto ndi ya chakudya cha ana nditumiza kumapeto kwa mwezi uno, ndipo anzanga awiri a ku Cuamba amene tili nawo kuno avomera kusonkhako. Makopewo muwasunge kunyumba kwanu, ndikabwera patchuthi ndidzawalembe pakompyuta kuti sukulu iliyonse ya m'boma lathu idzakhale nawo.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti ndikudya bwino ngakhale nsima ndimaiona mwa apo ndi apo. Moni kwa azakhali, kwa a mwene ndi kwa onse a mumpingo. Mundiuzenso mmene madzi alili m'Chilwa chaka chino, ndiponso ngati mpunga wa kudambo wachita bwino.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
ku Chanthaburi, Thailand.