Hutala ndi belu pa msewu wa ku Calomue

Tsiku lina m'mwezi wa Julaye, m'nyengo yozizira ija mukuidziwa ya kuno ku Angonia, ndidanyamuka pa Vila Ulongwe kupita kumalire a Calomue kukazonda alongo anga amene adakwatiwa chakumeneko. Ulendo wake si wautali ayi, makilomita ngati 40 basi, ndipo ambiri mwa inu awerengi mwauyenda kambirimbiri. Popita ndidakwera chapa. Pobwera m'mawa mwake ndidapalasa njinga ya alamu anga. Tsono msewu umodzi womwewo ndidauona pawiri, ndipo zimene ndidaonazo ndizo ndifuna tikambirane lero.

Mwayi udandigwera, ndidapeza mpando wa kutsogolo pafupi ndi dalaivala. Adali mnyamata wachangu, wodziwa kuseketsa anthu. Titatuluka m'tauni chifunga chidali chisadachoke, moti phiri la Domwe, limene masiku ena limaoneka chakumanzere, silidaoneke n'komwe. Zimene zinkaoneka ndi njinga. Zinkatulukira m'chifungamo imodziimodzi ngati ng'ombe zochoka m'khola: uyu wamanga matumba atatu a mbatatesi, uyo makala osanjikiza kupitirira mutu wake, wina kabichi, wina mbuzi ikulira pa kaliyala, winanso wakweza mkazi wake wobereka khanda. Padali wina amene adapingasa malata kumbuyo, njinga yake n'kutenga malo ngati ngolo.

Dzanja la dalaivala silinkachoka pa hutala. Aliyense wa pa njinga kwa iye adali "iwe". Ndidamva bambo wina wa imvi, woti n'kumubala dalaivalayo, akutchedwa "iwe" kudzera pa windo, pamodzi ndi mawu ena amene sindingalembe pa tsamba limene ana asukulu amawerenga. Mnyamata yemweyo akadakumana ndi bamboyo pa maliro bwenzi atanjuta n'kuwomba m'manja. Koma munthu akakhala pa chiwongolero, ulemu amausiya pakhomo.

Ndidamufunsa chimene amawazondera anthu a njinga. Adandiwerengera milandu yawo. Amayenda awiri kapena atatu mogundana mapewa, akucheza nkhani za kumudzi pakati pa msewu. Amakhota osatambasula mkono. Usiku alibe nyali, alibe ngakhale kagalasi konyezimira kumbuyo, umangoona munthu ali kale pamphuno pa galimoto. Tsiku la msika ena amabwerera atalawa kachasu, njinga ikuyenda njokanjoka. Ena amapalasa kudzanja lamanja kuti aziona galimoto ikamabwera, chonsecho kuno ku Mozambique ndi ku Malawi komwe lamulo ndi limodzi, chilichonse cha matayala chiyende kumanzere. Ndinene zoona abale anga, mnyamatayo sankanama. Zonsezi ndazionapo, zina ndazichitapo. Ndili pa mpando wofunda uja ndinkangogwedeza mutu kuvomereza.

Koma achinyamata a lero sadziwa kuti msewu uwu udayamba wakhalapo wa njinga. Nkhondo itatha ndi pangano la ku Roma la pa 4 Okutobala 1992, anthu amene tidathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu tidayamba kubwerera m'zaka za 1993 ndi 1994. Ambiri katundu wawo adabwera pamutu ndi pa njinga: mapoto, mphasa, makasu, mbewu, ngakhale zitseko. Galimoto zidali zowerengeka, ikamveka patali ana ankathamangira kumsewu kukaiona. Munthu wa njinga nthawi imeneyo adali bwana. Ndiye ankatengera odwala kuchipatala, ndiye ankabweretsa mchere ndi sopo. Tonse tinkadandaula kuti msewu ukonzedwe, galimoto zichuluke, mbatatesi zathu zikafike ku Tete ndi ku Beira. Zidachitikadi. Lero msewu umene umapatuka pa Mussacama kudzera pa Ulongwe mpaka pa Calomue umadutsa magalimoto akuluakulu ochokera ku doko la Beira kupita ku Lilongwe, machapa, ndi njinga zamoto zosawerengeka. Akulu adati walira mvula walira matope. Koma njinga yakapalasa sidachoke, ndipo alimi athu ambiri ndiyo galimoto yawo mpaka lero.

Tsono zidachitika tili pa chikweza china. Kutsogolo kwathu kudali bambo wachikulire, ataimirira pa mapedulo kulimbana ndi matumba atatu a mbatatesi. Kuchokera kumtunda kunkatsika chigalimoto chachikulu cha ngolo yaitali. Malo odutsa atatu padalibe. Chimene dalaivala wathu akadachita ndi kuponda buleki n'kudikira pang'ono kuti chigalimotocho chidutse. Iye adaliza hutala, kachiwiri, kachitatu, osachepetsa liwiro. Bambo uja adadzidzimuka n'kukhotera kumanzere. Pamenepo m'mphepete mwa phula mudadyeka ndi madzi a mvula, padali potsika pakuya ngati chikhatho choimika. Tayala la kutsogolo lidalowa m'menemo n'kupindika, munthu uko, njinga uko, thumba limodzi n'kuphulika, mbatatesi mbwee mumsewu.

Chapa sidamukhudze, ichi ndichitire umboni. Ndipo dalaivala adafuna kupitirira. Amene adamuimitsa ndi amayi amene adakhala kumbuyo, adakuwa onse pamodzi mpaka adaima patsogolo pang'ono.

Simudziwa kumene anthu amachokera pakagwa ngozi. Msewu udali wopanda munthu, koma posakhalitsa padadzaza. Ena adachokera kumadimba makasu ali m'manja, ena a njinga anzake adatsamiritsa njinga zawo n'kuthamangira pomwepo. Mnyamata wina adatola mwala. Wina adayamba kumenya chitseko cha chapa ndi chibakera, akuti tulukani kuno mwapha anthu okwanira inu. Dalaivala adakweza galasi, injini osazimitsa, ndipo ndidaona mwendo wake ukunjenjemera. Nthabwala zonse zija zidatha.

Apa mpamene pali vuto lalikulu la pa misewu yathu, loposa kutukwanizana. Madalaivala amadziwa kuti akagunda munthu pafupi ndi mudzi akhoza kumenyedwa, galimoto n'kuphwanyidwa, mlandu usadafunsidwe. Tsono amauzana kuti zikachitika usaime, thawira kupolisi. Anthu a m'midzi nawo amadziwa kuti dalaivala akathawa sadzaonekanso, ndiye amati timugwire asadathawe, ndipo amamugwira ndi miyala. Mantha a uyu amabala ukali wa uyo. Pakati pawo pamatsala munthu wovulala atagona pa phula, pamene galimoto yokhayo imene ikadamufikitsa msanga kuchipatala cha pa Ulongwe ndi yomwe yathawayo.

Tsiku limenelo adatipulumutsa ndi agogo ena aakazi amene adali m'chapa mwathu. Adatsika pang'onopang'ono, osayankhula ndi munthu, n'kupita pamene padali bambo uja. Adang'amba kansalu kumpango wawo n'kumumanga pa bondo pamene pankatuluka magazi. Atatero adawerama n'kuyamba kutola mbatatesi imodziimodzi, kuika m'chitenje. Amayi ena adatsika kukawathandiza. Ndi chinthu chovuta kuponya mwala pamene agogo ako akutola mbatatesi patsogolo pako. Mnyamata uja mwala adaugwetsa yekha.

Bambo wovulalayo atadzuka adapita pa windo la dalaivala motsimphina. Sadatukwane. Adati, "Mwananga, tsitsa galasi. Hutala wako ndidamumva. Tsono umati ndipite kuti?"

Dalaivala adati, "Pepani bambo, koma ine sindidakugundeni. Mwagwa nokha."

"Ndagwa ndekha, inde. Iwe udayamba wapalasapo njinga ya matumba atatu?"

Mnyamatayo adakhala chete. Ine ndidazindikira kuti "iwe" uja wabwerera kwa mwini wake, ndipo "bambo" watulukira.

Mlandu udakambidwa pomwepo m'mbali mwa msewu, mkulu wina wa m'mudzi wapafupi ndiye adaukhalira pakati. Dalaivala adadandaula zake: mwini galimoto amafuna ndalama yake yokwanira madzulo aliwonse, kaya kwagwa mvula kaya okwera achepa, ndipo chapa ya mnzake ikakupitirira ndiye kuti anthu onse a kutsogolo yatola ndi iyo. Akadikira njinga iliyonse pa chikweza chilichonse, ana ake adya chiyani? Wa njinga wina adamuyankha kuti magalimoto amene amaima m'misika kugula mbatatesi sakafika kudimba, mbatatesizo zimafika pamsewu ndi njinga ndi ngolo, ndiye mukatithamangitsa mumsewu mudzanyamula mphepo. Adagwirizana kuti dalaivala alipire kuwongoletsa limu ndi masipoko, ndipo anyamule bamboyo, njinga yake ndi matumba ake ulere mpaka pa Calomue. Tidapanikizana ngati nsomba za m'chitini, koma palibe adadandaula. Njira yotsalayo hutala sadalirenso kawirikawiri.

Pa Calomue ndidatsika phiri la Dedza likuoneka bwino, chifunga chitachoka. Mzere wa magalimoto akuluakulu odikira mapepala udali wautali, madalaivala ena akuphika tiyi pansi pa ngolo zawo. Ndidacheza ndi mmodzi, munthu wamkulu wodekha. Iye adandiuza chimene anthu a njinga ambiri sadziwa. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imayenda mamita 22 pa sekondi imodzi yokha. Chigalimoto chodzaza katundu, kuyambira pamene dalaivala waona chinthu mpaka chiime, chimatha mtunda wonga kutalika kwa bwalo la mpira, ndipo potsetsereka kapena pa phula lonyowa chimapitirira apo. Akakhotetsa mwadzidzidzi ngolo imagubuduka. Ndiponso munthu amene ali pafupi ndi matayala a kumanzere, dalaivala ali pamwamba paja nthawi zina samuona n'komwe. Tsono kwa iye hutala si chipongwe, ndi kupempha kuti thawa, ine kuima sindingathe. Vuto ndi lakuti a machapa ndi a njinga zamoto, amene angathe kuima bwinobwino, adatengera kulira komweko.

M'mawa mwake alongo anga adandipatsa thumba la nyemba, alamu anga n'kundibwereka njinga yawo ya Hero kuti adzaitenge akadzabwera ku Vila. Thumba limodzi lokha, osati atatu. Koma ndisadathe makilomita asanu ndidamvetsa funso la bambo uja. Njinga yolemera kumbuyo ili ndi nzeru zake. Chiwongolero chimapepuka, ukachigwedeza pang'ono katundu amakukokera kumene afuna. Ukafuna kucheuka kuti uone chimene chikubwera, njinga imatsata khosi lako n'kulowa pakati pa msewu. Pa chikweza ukangosiya kupalasa wagwa. Ndipo mphepete mwa phula, mmene dalaivala amaona ngati malo abwino opatukira, iwe umaona mano ake: maenje, mchenga, miyala, magalasi osweka.

Chigalimoto choyamba chitandipitirira ndidamva mphepo ikundikankhira kunja, kenaka chakumapeto kwa ngolo n'kundikokera mkati, kumatayala. Mtima udagunda kukhosi. Chachiwiri dalaivala wake adali munthu, adachepetsa liwiro n'kutaya mbali, ndidamukwezera dzanja, iyenso adakweza lake. Kenaka idabwera chapa ina, hutala kuyambira kutali. Ndidatsikira kudothi mwadala ndisadakankhidwe, nyemba zidapendekeka, ndipo ndidapezeka ndikutukwana ndekhandekha pathengo, mawu omwe aja ndidati sindingawalembe. Dzulo lake lomwelo ndinkagwedeza mutu pa mpando wa kutsogolo.

Malamulo a pamsewu a dziko lino, Código da Estrada ya 2011, amaiwerengera njinga ngati chimodzi mwa zoyenda pamsewu. Ili ndi malo ake kumanzere, ndipo wofuna kuipitirira ayenera kudikira mpata ngati mmene angadikirire ngolo kapena thalakitala. Malamulo omwewo amafunanso kuti wa njinga akhale ndi mabuleki ogwira ndi zoonetsa kuti alipo usiku. Apa ife a njinga tisadzinamize. Njinga ya alamu anga buleki ya kumbuyo idali yomanga ndi waya, ndipo ndidakumana ndi anyamata angapo amene potsetsereka amaimitsa njinga ndi chidendene pa tayala. Kagalasi konyezimira mtengo wake sufika pa botolo la kachasu. Koma ine ndikaika pa sikelo, wolakwa wa njinga amalipira ndi mwendo wake kapena moyo wake, wolakwa wa galimoto amalipira ndi utoto wa pa bampala. Amene wanyamula chitsulo chachikulu ndiye ayenera kuyamba kudekha.

Ndili pafupi kulowa m'Vila, dzuwa litakwera, miyendo itatopa, kutsogolo kwanga kudali mayi wachikulire atasenza mtolo wautali wa nkhuni, akuyenda m'mphepete mwenimweni mwa phula, mokhamo mmene ine ndikadadutsa. Kumbuyo kwanga ndinkamva kulira kwa injini. Ndidaliza belu. Mayiyo sadapatuke, pakuti munthu wosenza mtolo sangatembenuke msanga. Ndidalizanso, ngiringiri, ngiringiri, ndipo ndidamva pakamwa panga pakutuluka kuti, "Iwe, choka!"

Mayiyo adatembenuka thupi lonse pamodzi ndi nkhuni zake n'kundiyang'ana. Adali wa msinkhu wa amayi anga ondibala. Ndidatsika pa njinga, galimoto idadutsa, ndipo ndidakankha njingayo wapansi mpaka kunyumba.