Mphindi ziwiri zoyamba

Ntchito imene ophunzira za mafilimu amayambira imaoneka yopepuka: konzani mphindi ziwiri zoyamba za filimu, dzina lake lioneke, woonera adziwe kumene ali ndi munthu amene akumutsatira. Achinyamata a kuno ku Mchinji amene ndakhala nawo pa laputopu amathera masiku ambiri pa zithunzi, kusintha mitundu ndi kuvinitsa zilembo za mutu. Mawu amawakumbukira usiku womaliza. Ine ndaona kuti kumeneko n'kuyamba ntchito chozondoka.

Ife ndife anthu a khutu. Wailesi ya kanema ya dziko lino inayamba mu 1999. M'mbuyo monsemo masewero tinkawaona ndi makutu, pa Kapalepale ndi Sewero la Sabata Ino a pa MBC. Mpaka lero anthu m'midzi muno amatchera khutu ku wailesi ya Mudzi Wathu ali pa mzere wa fodya kapena akusenda mtedza. Lowaninso m'nyumba zoonetsera kanema m'misika, kumene filimu ya ku China imalankhulidwa m'Chichewa ndi womasulira. Chithunzi chingachite mbuu, anthu amakhalabe. Sipika ikangoyamba kulira ngati njuchi, mabenchi amatsala okha.

Tiyerekeze kuti filimu ikuyamba ndi mtsikana ali pa kabaza, akulowera kuchipata cha Mwami. Msewu wa M12 pa kamera ya foni ndi msewu basi, ungakhale wa ku Dowa kapena wa ku Ntcheu. Chimene chimauza woonera kuti kuno n'kumalire ndi mabuleki a mathiraki, kuitana kwa anyamata osintha ndalama, ndi Chinyanja cha ku Chipata chikudutsana ndi Chichewa chathu. Mukalowetsa kulira kwa thiraki masekondi awiri chithunzi chake chisanafike, woonera saona n'komwe kuti mwadula. Khutu latsogola kale, diso likungolondola. Akatswiri amati J-cut. Walter Murch, amene anasamalira mawu a filimu ya Apocalypse Now ya 1979, anasanja zinthu 6 zoganizira podula, ndipo zimene woonera akumva mumtima anazipatsa 51 pa 100 aliwonse, pamene kulondola kwa malo amene anthu aima anakupatsa 4 yokha. Ophunzira athu amada nkhawa kwambiri ndi 4 ameneyu.

Zambiri zokhudza mawu zimatha kapena kuonongeka tsiku lojambula lomwelo. Foni yachiwiri ikhale m'thumba la malaya a wosewera, pafupi ndi pakamwa. Wina aombe m'manja kamodzi patsogolo pa kamera, kuti pa kompyuta mudzapeze polumikizira mawu ndi milomo. Mphepo ya mu Ogasiti imafuna kansalu kaubweya pa maikolofoni, ndipo chigayo chapafupi ndi bwino kuchidikira kuti chipume. Pulogalamu ya Audacity imachotsa ndithu kung'ung'udza kwa magetsi, koma mukaipanikiza kuti ichotsenso chigayo, wosewera amatsala akulankhula ngati ali m'mgolo wa madzi.

Chimene ophunzira amachiseka poyamba ndi lamulo loti aliyense akhale chete kwa mphindi imodzi mukatha kujambula, foni ikutolabe mawu. Chete wake uti? Malo alionse ali ndi mpweya wake. Mu Okutobala muli nyenje, mu Januwale muli madontho padenga la malata ndi achule kudambo, m'mawa muli atambala a mudzi woyandikana nawo. Mukalumikiza zidutswa ziwiri popanda kuyala mpweya umenewu pansi pake, pamatsala dzenje, ndipo ngakhale agogo amene sanagwirepo kompyuta amadzidzimuka. Sanganene chavuta, koma asiya kukhulupirira nkhaniyo.

Nyimbo ndiye pamakhala mkangano. Aliyense amafuna imene yavuta m'maminibasi mwezi umenewo. Pali lamulo la umwini wa zaluso la 2016 ndi bungwe la COSOMA, ndipo YouTube ndi Facebook amatha kuzimitsa mawu a kanema yense chifukwa cha nyimbo ya mwini. Koma chifukwa changa chachikulu n'china: nyimbo yotchuka imabwera ndi nkhani yakeyake, n'kumeza yanu. Ng'oma nazo si zokometsera wamba. Kuno kuli Achewa, kulinso Angoni a kwa Zulu ndi kwa Mlonyeni. Wakunja atha kuika ng'oma za gule wamkulu pansi pa chithunzi cha ingoma osaona vuto, koma mwana wa ku Mchinji alibe chowiringula. Ndipo za kudambwe zimayamba ndi kupempha kwa eni ake, kujambula pambuyo.

Mukamaliza, vulani mahedifoni. Anthu anu adzaonera pa foni, filimu itafinyidwa kale ndi WhatsApp kapena itakoperedwa pa memori kadi. Kasipika ka foni kamataya mawu onse okhuthala, motero mdidi wa thiraki umene munausamalira umasowa, nyimbo n'kukwera pamwamba pa olankhula. Tumizani mphindi ziwirizo pa foni yotchipa kwambiri imene ili pafupi, mupatse munthu amene sanaone sikiriputi, aonere pakhonde ana akusewera, kenako mumufunse kuti mtsikana uja akupita kuti.