Tsamba lathu la pa intaneti linalemera mpaka malume sanalitsegule

Anzanga amene muli kunja kuno, ndikufuna ndikufotokozereni za kulakwitsa kwanga, mwina wina pakati panu ali pa njira yomweyo.

Ndili ku Leeds, ndikuchita masitazi a zaumoyo wa anthu. Za makompyuta sindinaphunzire kusukulu, ndinangotola pa YouTube usiku ndikatopa ndi mabuku. Kuno tili ndi kagulu ka Amalawi kothandizana pa zovuta. Timasonkha mwezi ndi mwezi, ndipo wina akatisiya timathandiza kutumiza thupi kumudzi. Pa msonkhano wina akuluakulu anati, "Iwe mwana wasukulu, tikonzere webusayiti." Ndinavomera.

Poyamba inali yophweka kwambiri. Fayilo imodzi ya HTML, CSS pang'ono yoti zilembo zioneke bwino, n'kuiyika pa GitHub Pages pomwe salipiritsa. Munali tsiku la msonkhano, mmene tingasonkhere, ndi zilengezo. Basi. Imatseguka musanaphethire.

Koma mukudziwa mmene mtima umachitira ukaphunzira chinthu chatsopano. Ndinayamba kuchita manyazi kuti anzanga a ku yunivesite akaiona aseka. Ndiye ndinayamba kuwonjezera. Ndinaikapo zithunzi 12 za pa chikondwerero cha 6 July, zosinthanasinthana zokha pamwamba. Ndinazichotsa mu foni n'kuziika momwemo osazichepetsa, chilichonse pafupifupi 4 MB. Werengani nokha, ndi 48 MB musanawerenge ngakhale liwu limodzi. Kenako kanema woyamba yekha kusewera, mapu a Google osonyeza holo yomwe timakumana, zilembo zokongola zochita kukatengedwa kwina, ndi fomu yoti mamembala alembepo dzina, adiresi ndi nambala ya pasipoti. Pa Wi-Fi ya kusukulu zonse zimathamanga. Ndinkadziona ngati katswiri. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Ndiye kunagwa zovuta. Mnzathu wina, mnyamata wa msinkhu wangawu, anamwalira atadwala masiku ochepa. Komiti inagwirizana kuti zonse zokhudza ulendo wa thupi ziziikidwa pa webusayiti, kuti abale a kuno ndi a kumudzi aziwerenga uthenga umodzi. Ndinalemba tsiku ndi nthawi yomwe ndege ifike pa bwalo la Kamuzu International Airport, n'kutumiza linki kwa malume a malemuwo ku Dedza, amene amakonza galimoto yokalandira maliro.

Tsiku lotsatira ndinapeza anandiflasha kanayi. Nditawaimbira anati, "Mwanangu, chinthu chanu chija chikungozungulira. Ndagula bandulo kawiri, yatha yonse, sindinaone kanthu. Kodi mwana wathu afika liti?"

Ndinasowa chonena. Munthu wamkulu, ali pa chisoni, wawononga ndalama yomwe ikanagula ufa wa pa siwa, chifukwa ine ndimafuna zithunzi zovinavina. Chilengezocho ndinachiika pansi penipeni, kuseri kwa zithunzi, kanema ndi mapu. Ndinawawerengera uthengawo pa foni pomwepo, iwo akulemba pa pepala. Unali mizere itatu yokha.

Usiku womwewo ndinakhala pansi n'kuyamba kuchotsa. Kanema anachoka. Mapu ndinawasandutsa adiresi yolembedwa ndi linki, wofuna adina yekha. Zithunzi ndinasiya ziwiri, ndinazichepetsa pa Squoosh mpaka chilichonse chinatsika pansi pa 200 KB, ndipo pa foni simungaone kusiyana. Ndinaikanso loading="lazy" kuti chithunzi chizibwera pokhapokha munthu akatsetsereka kufika pomwe chili. Zilengezo zinakwera pamwamba penipeni.

Fomu ija ndiye inandiopsa nditaiganizira bwino. Kuno ku Britain kuli malamulo a UK GDPR ndi Data Protection Act ya 2018, ndipo ukamasunga zinsinsi za anthu uli ndi udindo pa izo, ngakhale uli kagulu kakang'ono. Ku South Africa kulinso lamulo lotere, POPIA. Ine ndimatolera manambala a mapasipoti a anthu popanda kudziwa kuti ndiwateteza bwanji. Ndinaichotsa, ndinafufuta zomwe zinalowa kale, ndipo ndinakauza komiti zomwe ndinachita. Sizinali zokoma kunena, koma anandimvetsa.

Chinthu chimodzi chokha ndi chomwe ndinawonjezera: linki ya wa.me, yomwe ukaidina imakutsegulira WhatsApp kuti ulankhule ndi mlembi. Ndi mzere umodzi wa HTML, koma ndi yomwe anthu amagwiritsa ntchito kuposa zonse zomwe ndinavutikira masabata atatu.

Sindikunena kuti musamawonjezere zinthu, ayi. Phunzirani JavaScript, yesani zatsopano, ndi mmene ifenso tikuphunzirira. Koma musanawonjezere, dziwani amene adzatsegule tsambalo, foni yomwe ali nayo, ndi amene akulipira bandulo. Mu Chrome muli DevTools, momwe mungachepetse liwiro la intaneti dala n'kuona mmene tsamba lanu likutsegukira kwa munthu wa netiweki yofooka. PageSpeed Insights ikuuzani chomwe chikulemeretsa. Koposa zonse, tumizani linki kwa mchemwali wanu kumudzi, mumufunse ngati yatseguka komanso yadya zingati. Kumbukiraninso kuti webusayiti yoyamba pa dziko lonse, yomwe Tim Berners-Lee anaitsegulira anthu ku CERN mu 1991, inali mawu ndi malinki okha.

Malume aja anakafika pa bwalo la ndege nthawi yabwino, ndipo mnzathu anaikidwa kwawo. Atabwerera ku manda anandiimbira kudzathokoza gulu lonse. Za bandulo ija sanazitchulenso, koma ndinawatumizira ndalama yake pa Mpamba. Mpaka lero, ndikafuna kuika chinthu chatsopano pa tsamba lathu, ndimayamba ndafunsa ngati foni yawo ingalitsegule.