Tsiku limene ndinalembedwa ganyu ya njala



Kuyambira teremu yatha ana a Fomu 3 akhala akundifunsa ngati n'zoona kuti ndinaonekapo mu filimu. N'zoona, ngakhale kuti amene angandizindikire ndi mayi anga okha, nawonso atachita kulozeredwa. Ndaona kuti ndi bwino ndifotokoze pano kamodzi, chifukwa nkhaniyi si yoseketsa yokha.

Mu 2017, ndisanayambe kuphunzitsa kuno kwa Kanduku, ndinkakhala ku Kasungu kwa amalume, kuwathandiza mu golosale. Chakumapeto kwa chakacho kunabwera anthu ojambula filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind. Ndi nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe, amene anasiya sukulu chifukwa chosowa fizi nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002, n'kupanga makina oyendera mphepo otulutsa magetsi pogwiritsa ntchito zitsulo zotayidwa, njinga ya bambo ake ndi dayinamo. Wotsogolera anali Chiwetel Ejiofor wa ku Britain, yemwe anaseweranso ngati bambo a William. Malo a William anatenga Maxwell Simba wa ku Kenya, ndipo Lily Banda wakwathu konkuno anali mchemwali wake. Alendowa anachita kuphunzira Chichewa kuti asewere.

Mnzanga wina anandiuza kuti akufuna anthu odzadzitsa gulu, oima kumbuyo, osalankhula. Ndinaona ngati ndalama yotola. Amalume anangoti, "Pita, koma swala isakudutse."

Tinanyamuka titangoswali Fajr. Titafika anatilemba maina, n'kutiunika kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Foni, wotchi ndi nsapato zanga zatsopano anati ndisiye, chifukwa mu 2001 munthu wa kumudzi analibe zotere. Anandipatsa shati yothetheka ndi patapata, koma kofia yanga anati ndivale. Aliyense analandira thumba lopanda kanthu, poti tinkasewera anthu odikira kugula chimanga.

Ntchito yaikulu ya tsikulo inali kudikira. Dzuwa la Kasungu linatiwamba pamene akonza kamera, akoka mawaya, ayeza kuwala. Malamulo anali atatu: osayang'ana kamera, osaseka, ndipo akati tibwereze, aliyense abwerere pamalo pomwe anayambira, thumba lili kudzanja lomwe lija. Ndinaphunzira kuti chimene mumaona kwa mphindi imodzi pa kanema chimajambulidwa kambirimbiri, kutsogolo, m'mbali ndi pafupi, kenako n'kulumikizidwa. Mmodzi akalakwitsa, gulu lonse limayambiranso. Mnyamata wina anabayibitsa kamera, ndipo tonse tinabwerera chifukwa cha iye.

Masana titapuma, Asilamu tinapezana anayi. Tinapempha madzi kwa mnyamata wotiyang'anira, tinachita udhu, n'kuyala matumba athu aja pansi pa mtengo wa mango, tinaswali Dhuhr. Palibe anatiletsa. Ndikunena izi chifukwa achinyamata ena amaganiza kuti akalowa pakati pa anthu achilendo ayenera kubisa chipembedzo chawo. Nthawi zambiri chimafunika ndi kupempha mwaulemu, ndiponso nthawi yake isanapite. Titatha tinadya bwino ndithu, tikusekana kuti anthu anjala ife takhuta chonchi.

Kuseka kunatha madzulo. Anatiuza kuti tsopano chimanga chatsala pang'ono, aliyense alimbirane kutsogolo. Ulendo woyamba tinkangokankhana mwaulemu ngati pa ukwati. Anati tibwereze. Ulendo wachitatu kapena wachinayi china chake chinasintha. Fumbi linakwera, anthu anayamba kukuwa, ndipo ine ndinapezeka ndaika chigongono pachifuwa cha mayi wina wachikulire amene tinaima limodzi kuyambira m'mawa. Atakuwa kuti "Cut!" ndinatembenuka kuti ndipepese. Ndinapeza akulira.

"Amayi, ndakupwetekani?"

"Ayi mwanawe. Ine mzere uwu ndinaimapo kale. Nthawi imeneyo kunalibe wonena kuti siyani."

Sindinawafunse kuti anataya ndani. Nanenso ndinali nditakumbukira.

Chaka cha 2001 ndinali ndi zaka 11, kuno ku Mwanza. Ramadhan inayamba pakati pa Novembala, nkhokwe zathu zitatha kale. Ndimakumbukira kumasula ndi phala la gaga, ndipo masiku ena daku kunalibe. Pofika Febuluwale 2002, pamene boma linalengeza kuti dziko lili pa ngozi ya njala, anthu ankadya mizu ya nthochi ndi maungu osakhwima, ena n'kumawoloka ku Mozambique kukafuna ganyu. Tsiku lina bambo anga anagulitsa mbuzi yathu yomaliza, n'kulawira usiku kupita ku boma kukagula chimanga. Anabwera tsiku lotsatira thumba lili lopinda m'khwapa, shati itang'ambika paphewa. Bambo a mnzanga, amene anapita nawo limodzi, anabwera nacho. Ine ndinanena pamaso pa mayi kuti, "Anzanu agula bwanji?" Bambo sanayankhe. Anatenga ketulo, n'kupita kukachita udhu.

Kwa zaka 15 ndinkakhulupirira mumtima kuti bambo anga anali ofooka. Koma tsiku limenelo ku Kasungu, ine wokhuta, wodziwa kuti n'sewero ndipo madzulo ndilandira ndalama, ndinakankha mayi wachikulire popanda kuganiza. Ndipamene ndinadzifunsa kuti munthu wa njala yeniyeni, wosiya ana asanu kunyumba, ankayenera kuchita zotani kuti afike kutsogolo kwa mzere wotero.

Usiku womwewo ndinawaimbira foni. Ndinawafunsa chimene chinachitika tsiku lija. Anakhala chete, kenako anati kutsogolo kwawo kunagwa mtsikana ali ndi mwana kumbuyo, anthu n'kumamuponda. Iwo anamukokera kunja kwa gulu, ndipo pobwerera anapeza malo awo atapita, chipata chitatsekedwa. Ndinawafunsa chifukwa chimene sanatiuzire. Anati, "Ukanakhuta nazo?" Ndinapempha kuti andikhululukire mawu aja. Anaseka, n'kuti anaiwala kalekale, koma mmene anasekera ndinadziwa kuti sanaiwale. Bambo anatisiya mu 2020. Allah awakhululukire ndi kuwachitira chisoni. Ndimathokoza kuti foni ija ndinaimba akadali moyo.

Filimuyo inatuluka pa Netflix mu Malichi 2019. Nditaionera ndinadzifufuza mpaka maso kuwawa. Chimene ndinapeza ndi kofia yoyera ikudutsa m'fumbi, mwina yanga, mwina ya wina. Poyamba zinandikhumudwitsa. Kenako ndinaona kuti mukachotsa ife a kumbuyo, njalayo siioneka. Patsala mnyamata mmodzi ataima pabwalo ndi thumba.

Ana inu, William anapeza nzeru zake m'laibulale yaing'ono ya kumudzi, m'buku la Using Energy, Chingerezi chake chili chovutikira, akumangotsata zithunzi. Mabuku a Fizikisi amene ali mu kabati yathu ena sanatsegulidwepo chaka chino. Kiyi ali ndi ine, bwerani mudzabwereke. Ndipo mukafika kunyumba, funsani makolo anu za chaka cha 2002, kapena agogo anu za 1949. Mvetserani mpaka amalize musanaweruze.

Kwa makolo ndi akomiti, pempho langa ndi ili. Tonse timadziwa mbiri ya Mneneri Yusuf, alayhi salaam, amene anasunga chakudya m'zaka za zokolola zambiri kukonzekera zaka za chilala. Kuno nyengo ya manachesi ndi yokolola imatipatsa kangachepe, koma Januwale ndi Febuluwale ana ena amalowa m'kalasi osadya, ndipo ena amasiya kubwera. Bwanji pokolola banja lililonse lipereke ndowa imodzi ya chimanga, isungidwe pa mzikiti, kuti miyezi iwiriyo tiziwaphikira phala? Ndapempha kuti nkhaniyi ikambidwe pa msonkhano wa makolo ukubwerawu, Insha Allah. Ndowa yoyamba ndibweretsa ine, m'dzina la bambo anga.

Wassalaam alaikum.

Mphunzitsi wa Fizikisi, Fomu 3 ndi 4