Dikishonale Yomwe Inabadwira ku Japan

Wokondedwa mphwanga,

Amayi akuti wayamba kulemba mawu akuluakulu a Chingerezi m'kope n'kumawaloweza pokonzekera mayeso a MSCE. Khama limenelo ndi labwino. Koma dikishonale ya Oxford Advanced Learner's imene ukutengamo mawuwo ili ndi mbiri yake, ndipo ukaidziwa, kawerengedwe kako kasintha.

Amene anaiyambitsa ndi Albert Sydney Hornby, mphunzitsi wobadwira ku Chester, ku England, mu 1898. M'zaka za m'ma 1920 iye anapita kukaphunzitsa mumzinda wa Oita ku Japan. Kumeneko anapeza ophunzira odziwa mawu ambirimbiri, koma akati apange chiganizo chawochawo, zinthu zinkasokonekera. Madikishonale a nthawi imeneyo sankawathandiza kwenikweni chifukwa analembedwera eni chilankhulo, anthu amene anayamwira Chingerezi ku bere ndipo amangofuna tanthauzo la mawu osowa. Wophunzira wa ku Oita ankafuna zina: mawu amenewa amayenda ndi ati? Amakhala pati m'chiganizo?

Hornby anayamba kugwira ntchito ndi Harold Palmer, yemwe ankatsogolera bungwe lofufuza za kaphunzitsidwe ka Chingerezi ku Tokyo. Iwo anasonkhanitsa mawu amene amakonda kuyendera limodzi, ndipo lipoti la ntchitoyo linatuluka mu 1933. Nayenso Michael West, amene anaphunzitsapo ku Bengal, anatulutsa dikishonale yake mu 1935 momwe anamasulira chilichonse pogwiritsa ntchito mawu osavuta 1,490 okha, kuti wophunzira asamafunefunenso tanthauzo la tanthauzo.

Buku la Hornby, lomwe analemba ndi anzake awiri, E. V. Gatenby ndi H. Wakefield, linasindikizidwa ku Tokyo mu 1942 ndi kampani ya Kaitakusha. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse inali ili mkati, Britain ndi Japan ali pa udani, ndipo Hornby anachoka ku Japan chaka chomwecho. Nkhondo itatha, a Oxford University Press analitulutsanso mu 1948, ndipo kuchokera apo linafalikira m'masukulu a mayiko ambiri, kuphatikizapo athu kuno.

Tsegula dikishonale yako pa mawu akuti advice. Pambali pake pali chilembo U. Kachizindikiro kameneka, komwe ophunzira ambiri amangokalumpha, n'kochokera ku ntchito ya Hornby, ndipo kakunena kuti dzinali ndi la chinthu chosawerengeka. Choncho palibe advices, palibenso an advice. Munthu amati some advice kapena a piece of advice. N'chimodzimodzi ndi information, furniture ndi equipment. Kenako pita pa rain. M'zitsanzo mupezeka heavy rain. Ifetu timati mvula yamphamvu, ndiye dzanja limathamangira kulemba strong rain. Tanthauzo la mawu onse awiriwo wophunzira amalidziwa bwinobwino, koma mwini chilankhulo akamva amadziwiratu kuti pena pake pakhota. Zoterezi n'zimene Hornby anazitayira zaka zambiri, mpaka anasanja maverebu m'magulu potengera mtundu wa mawu amene amabwera pambuyo pake. N'chifukwa chake bukulo limakuuza kuti enjoy amatsatidwa ndi reading, pomwe want amatsatidwa ndi to read.

Apa m'pamene ambiri amasocherera. Amaganiza kuti Chingerezi chapamwamba ndi mawu aataliatali ochokera ku Chilatini, pomwe wochonga chimangirizo amakopeka msanga ndi mawu wamba oikidwa pamalo pake. Mawu aakulu ndi ofunika ndithu, koma amene waloweza tanthauzo lokha amawaponya paliponse, ndipo cholakwikacho chimaonekera kutali.

Hornby anamwalira mu 1978. Gawo lalikulu la ndalama za bukulo analipereka ku thumba lomwe anakhazikitsa mu 1961, ndipo mpaka lero thumbalo limalipirira aphunzitsi a Chingerezi ochokera m'mayiko osauka kuti akawonjezere maphunziro ku Britain.

Kope lija usalitaye. Pansi pa mawu alionse uzikoperanso chiganizo chachitsanzo cha m'dikishonale, kenako upange chako chonena za kwathu, kaya za ku chigayo kaya za mpira wa Loweruka. Ukandilembera, uikemo ziganizo zisanu zoterozo ndidzazione. Upereke moni kwa amayi.

Ndine mkulu wako.